Kodi Hamilton anaberedwa ku Abu Dhabi mu 2021?

Achimwene, mwafunsa ngati Lewis Hamilton anaberedwa chikho cha Formula 1, masewera othamangitsa magalimoto, pa mpikisano womaliza wa 2021. Kwa ine, Max Verstappen sanabe kanthu. Amene anasokoneza zinthu ndi woyang'anira mpikisano, Michael Masi.

Pa 12 December pa bwalo la Yas Marina ku Abu Dhabi, Hamilton ndi Verstappen anayamba ali ndi mapointi ofanana, 369.5 aliyense. Hamilton ankatsogola bwinobwino mpaka Nicholas Latifi anawomba khoma kutatsala maulendo ochepa ozungulira bwalo, safety car n'kutuluka (galimoto imene imatsogolera onse kuti aziyenda pang'onopang'ono mosapitirirana pakachitika ngozi). Timu ya Red Bull inaitana Verstappen kukaika matayala ofewa atsopano. Timu ya Mercedes inamusiya Hamilton pa matayala olimba otha kale, poopa kutaya malo oyamba. Mpaka apa palibe cholakwika, ndi mmene masewerawa amakhalira.

Nkhani yagona pa malamulo. Ankati magalimoto otsalira ndi ulendo wathunthu akaloledwa kudutsa wotsogola ndi safety car, safety car-yo ichoke pakutha pa ulendo wotsatira. Masi analola asanu okha amene anali pakati pa awiriwo, kenaka n'kuichotsa safety car pakutha pa ulendo womwewo. Akanatsata lamulolo, mpikisano ukanathera kumbuyo kwa safety car, Hamilton ali patsogolo. M'malo mwake panatsala ulendo umodzi wothamanga, ndipo ndi matayala atsopanowo, Verstappen sanavutike kumupitirira.

Dandaulo la Mercedes linakanidwa usiku womwewo. Mu February 2022 bungwe la FIA, loyang'anira masewerawa, linamuchotsa Masi pa udindowo, ndipo lipoti lake la mu March linavomereza kuti panali kulakwitsa kwa munthu, koma zotsatira sizinasinthidwe.