Za Ilala zija wafunsa, msuweni

Eee, msuweni, wadzuka? Ndauona uthenga wako pa gulupu, akuti sitima ya Ilala imanyamuka liti pa Nkhata Bay, komanso munthu angaone chiyani m'madoko a kumpotoku. Iwe? Iwe amene unasanza m'minibasi ya ku Ekwendeni, pompano apa? Komanso "munthu" ameneyo ndani? Tonse tamuona pa sitatasi, usatipusitse.

Chabwino, imva. Mwachizolowezi imachoka ku Monkey Bay Lachisanu, Loweruka ili ku Likoma ndi Chizumulu, kenako Nkhata Bay. Ya kumpoto imanyamuka Lamulungu m'mawa, Usisya, Ruarwe, mpaka Chilumba, Lolemba n'kubwerera. Koma uyambe wafunsa kudoko, ndi nkhalamba ija, inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Anaipanga ku Scotland, n'kuibweretsa m'zidutswazidutswa kudzailumikiza ku Monkey Bay. Ndiye ikachedwa usaitukwane, ndi saizi ya agogo.

Dikira... iwe, tsitsa wailesiyo! Pepa, ana.

Ndimati chiyani? Eya, madoko. Doko lenileni pa Usisya palibe, pa Ruarwe palibenso. Sitima imaima patali, n'kutsitsa maboti ang'onoang'ono, inu mumalowamo pamodzi ndi matumba a simenti, malata, nkhuku, chilichonse. Kumapetoko uvula nsapato, uyenda m'madzi. Umuuziretu mlamu wathuyo asavale zitendene zazitali.

Ha! Zandikumbutsa malume. Ukudziwa aja, sindikutchula dzina pa gulupu. Nthawi ya chinkhoswe chija, chimene sichinathe bwino chija. Iwo ndiwo anali ankhoswe aakulu, anasokeketsa suti kuno ku Mzuzu, yotuwa, tayi wofiira. Usiku wonse anali kutiopseza ndi nkhani ya Vipya, sitima imene inamira mu 1946 chakufupi ndi Chilumba, anthu oposa 100 n'kupita. Akuti ine nyanja ndimaidziwa, anyamata inu muzikhala pafupi ndi ine. Atakwera, akuti pansi ku ekonome kukununkha usipa, suti iwonongeka, basi analipira za pamwamba, kumene kuli bala. Anzawo onse pansi ndi mbuzi. Kufika pa Usisya anthu atsika, mbuzi yatsika, ankhoswe kulibe. Amayi ako... ayi, anali amayi anga, amayi ako anali kale kumtunda akuphika. Amayi anga kukuwa kuchokera m'boti, "Achimwene! Achimwene!" Munthu ali m'tulo pa benchi, jekete atafunda kumutu. Anakadzidzimuka mdima uli bii, akufunsa kuti Usisya tafika? Anthu akuti bambo, kuno ndi ku Chilumba. Anabwera Lolemba, nkhani zitakambidwa kale popanda iwo, koma anatsika monyadira, n'kukananso kuberekedwa ndi anyamata a pagombe. Suti yonse chubwi mpaka m'chiuno. Mpaka lero amati anapita dala kukaona pamene inamirira Vipya. Akamva izi andiimbira, ndikudziwa.

Zoona zilipo, sindikukana. Pa Nkhata Bay udye kondowole wa nsomba ya batala, usachite manyazi. Ruarwe ndi kokongola zedi, mapiri kutsetsereka mpaka m'madzi, galimoto sifikako. Ukatsikira ku Chilumba, Chitimba ndi pafupi, ukwere msewu wa Gorodi upite ku Livingstonia, ngati mtima uli nawo pa makona aja. Likoma ndi ulendo wina, wa kutchalitchi chachikulu cha St Peter's, umenewo usauphatikize. Ndipo pewa Juni ndi Julayi, mwera umavuta, iwe ndi m'mimba mwakomo sizingayende.

Koma aaa, tisazungulire. Iwe sukufunsa za sitima. Ukufuna udutse pa Usisya uli pamwamba, ujambule zithunzi, uloze ndi chala kuti kwathu ndi uko, sitima n'kupitirira. Chifukwa cha nkhani ya munda ija. Ndanama? Agogo nkhani imeneyo anaisiya kalekale, amene akuisunga ndi iwe ndi azakhali basi. Sitima ikalira pa Usisya mudzi wonse umatsikira kugombe, ndiye ukuganiza kuti sakakuona? Asanafike madzulo agogo adzakhala atamva kuti mdzukulu wadutsa ndi mkazi osatsika.

Utsike, msuweni. Ugone usiku umodzi wokha, Lolemba sitima yomweyo ikutenga pobwerera, malume anatiyesera kale njira imeneyo. Utenge shuga, sopo ndi chitenje. Ruarwe ndi Chilumba mudzapita ulendo wina.

Ndipo mudzere kuno Loweruka, mugone kwathu ku Chibavi, ndimuone kaye ine. Za Nkhata Bay tidzalawirira limodzi, mwinanso ndikwera nawo kuti ndikukankhire m'boti ndi manja angawa. Wamva? Pa Usisya utsike. Chabwino, foni ikutha moto.