Nkhwani wolimba, tomato wowola ndi mfutso wochita nkhungu

Amayi a ku Chibavi, mwafunsa chifukwa chake nkhwani wa kuseri kwa nyumba yanu akumatuluka mumphika ali wolimba ndi wofiirira, komanso chochita ndi masamba amene achuluka dzinja lino. Vuto lalikulu lili pa kathyoledwe. Mphika ukungomalizitsa zimene zalakwika kale kudimba.

Nkhwani thyolani tsamba lachitatu kapena lachinayi kuchokera kunsonga, lalikulu ngati chikhatho. Masamba akuluakulu a kutsinde aja ndi okhwima, ngakhale muwaphike ola lathunthu safewa bwino. Ngati mukufunanso maungu, musatenge masamba oposa awiri pa mphukira imodzi pa sabata. Chiluwe tengani chachimuna, chokhala ndi kaphesi kowonda kopanda kadzungu kunsi kwake, koma siyani china kuti njuchi zigwire ntchito yake. Thyolani m'mawa mame atauma. Kuno ku Mzuzu chinyezi n'chochuluka, ndipo kugwiragwira mbewu zili zonyowa kumafalitsa matenda.

Sadzulani bwinobwino mpaka kuphesi, tsukani musanadule, kenako dulani. Pa manja awiri odzaza a nkhwani, madzi theka la kapu ndi okwanira, ndipo ayambe awira musanaike masamba. Ikani mchere ndi tomato muwiri, vundikirani mphindi 5. Thirani masupuni aakulu 4 a nsinjiro pamwamba osatakasa, vundikiraninso mphindi 3 kuti nthunzi iphike nsinjirozo, ndiyeno takasani ndi kusiya pa moto wochepa mphindi zina 5 mpaka fungo la mtedza wauwisi lithe. Mukatakasa msanga, nsinjiro zimakhala pansi n'kupserera. Kufiirira kuja kumabwera ndi madzi ambiri komanso kukhalitsa pamoto. Soda ndikupemphani mumusiye, kapena mungotsina pang'ono kwambiri: amafewetsa ndithu, koma amawononga mavitamini, ndipo masamba anthete samufuna n'komwe.

Bonongwe yambani kubudula nsonga akafika masentimita 20 mpaka 25, ndipo bwerezani sabata iliyonse. Akatulutsa maluwa, masamba amachepa. Luni akawawa kwambiri musakanizeni ndi bonongwe. Therere lobala lithyoleni masiku awiri aliwonse lili lalitali ngati chala; ngati kansonga kake sikathyoka mukakapinda, lakhwima.

Chigwada chokha musachichitire changu. Chisinjeni mumtondo, chiwire mphindi zosachepera 30 mphika uli wosavundikira kuti poizoni wa m'masambamo atuluke.

Tomato m'dzinja la kuno amavutika ndi matenda a chiwawu chifukwa cha mvula ndi kuzizira. Mmangirireni kumitengo, chotsani masamba onse okhudza dothi, ndipo othimbirira muwakwirire kutali, musawaponye pa manyowa. Thyolani zipatso zikangoyamba kusintha mtundu, zikapsere m'nyumba pa lichero, apo ayi zimang'ambika ndi kuwola. Ngati mwapopera mankhwala, dikirani masiku amene alembedwa pa botolo musanathyole chilichonse, kuphatikizapo bonongwe womera pansi pa tomatoyo. Ambiri amaiwala zimenezi.

Za timasamba tonunkhira tokometsera ndiwo ndi tiyi, coriander ikani ndiwo mutaziphula, chifukwa akawira fungo limathawa. Mint dzalani mu chidebe, akakhala pansi amalanda bedi lonse. Lemongrass dulani masamba atatu, apindeni, awire mphindi 5 mu tiyi.

Za mfutso, nkhungu imabwera chifukwa masamba akuchedwa kuuma. Sankhani tsiku limene kwacha ndi dzuwa. Viikani nkhwani kapena chitambe m'madzi owira a mchere pang'ono mphindi 2 kapena 3, khetsani madzi onse, yalani mopyapyala pa mphasa yoyera pa thandala, pakhonde podutsa mphepo. Pansi ayi, dothi la kuno limabweza chinyezi. Tembenuzani masana, lowetsani m'nyumba dzuwa lisanalowe. Wauma ngati ukufumbutuka mukaufinya m'manja. Sungani m'chidebe chotseka bwino, ndipo pakatha sabata tsegulani muone, ukafewa, uyanikeninso. Mvula yamawawa ikagwa masiku otsatizana, musafutse. Masamba a sabata imeneyo idyani kapena gawanani ndi anansi, mfutso wambiri mudzapange mu May mvula ikamachepa.