"Anti, timitengo ta pamkono tandisokoneza kumwezi, ndikachotse?"

Imelo iyi yachokera kwa mtsikana wa zaka 20 wa cha ku Kapata. Akuti: "Anti ndili ndi mwana mmodzi, anandiika timitengo tiwiri ta chilezi pamkono miyezi 4 yapitayo, koma chiyambireni magazi akungodontha pang'onopang'ono osasiya. Amuna anga ayamba kudandaula, apongozi akuti timitengoti timayenda mpaka kumtima ndipo sindidzabalanso. Ndikachotse?"

Mng'ono wanga, ndakumva ndipo sindikupeputsa ayi. Amene sanakumanepo nazo amaona ngati ndi tamagazi chabe, koma ine ndikudziwa kuti pakhomo pa apongozi achikulire ukakhala kumwezi suthira mchere m'ndiwo kuopa mdulo, ndiye tsiku lililonse uziitana mwana wa pakhomo kuti akuthirire mchere, nyumba yonse yadziwa kale za thupi lako, kuonjezapo ndalama ya mapadi, kuonjezapo abambo kuchipinda akukwinya nkhope. Zimatopetsa ndithu.

Koma zomwe ukuonazo ndi zomwe timitengo timachita kwa azimayi ambiri makamaka chaka choyamba. Muli mankhwala otchedwa levonorgestrel amene amatuluka pang'onopang'ono, amalimbitsa chikazi cha pakhomo pa chiberekero kuti mbewu ya abambo isadutse komanso nthawi zambiri amaletsa dzira kukhwima, ndiye mkati mwa chiberekero mumapyapyala n'kumadontha mosatsata masiku. Ena kumwezi kumasiyiratu, ndipo si kuti magazi akuunjikana m'mimba iyayi. Ambiri zimachepa miyezi ikamapita.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti atsikana ambiri amachotsa chifukwa cha magazi omwewa osadziwa kuti chithandizo chilipo. Bwerera kukiliniki uwauze asista momwe wandiuzira ine, osachita manyazi. Akhoza kukupatsa ibuprofen wa masiku ochepa kapena mapilisi a chilezi a kanthawi kuti magazi adukize. Usakagule wekha pashopu, upite akakuone kaye.

Za kumtimazo apongozi angomva kwa anthu. Timitengo timakhala pansi pa khungu pomwe anaikapo, gwira ndi chala utimva ngati timachesi tiwiri, kupita kutali n'chinthu chosowa kwambiri. Ukasiya kutimva pita akaone. Kubala nako sikutha, akangochotsa mimba ikhoza kubwera mwezi womwewo, kusiyana ndi nyeleti ya Depo imene imachedwetsako miyezi ingapo.

Pali zina zosadikira nazo: magazi ochuluka mpaka chizungulire, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, mafinya kapena kutupa pomwe anaikapo. Zimenezo nyamuka tsiku lomwelo.

Khadi lija anakupatsa uli nalo? Lisunge ngati la sikelo ya mwana, ulijambulenso pafoni. Timitengo tiwiri tikhoza kukhala Jadelle wa zaka 5 kapena Levoplant wa zaka 3, pomwe Implanon ndi kamodzi, zaka 3, ndiye popanda khadi umangoyerekeza tsiku lochotsa. Ndipo ngati umamwa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin kapena ma ARV okhala ndi efavirenz uwauze, chifukwa amachepetsa mphamvu ya timitengo, koma ma ARV otchedwa TLD alibe vuto limeneli. Ku HIV ndi matenda opatsirana timitengo sititeteza, pamenepo ndi kondomu basi.

Tsono funso lako. Ine ndikanakhala iwe ndikanayamba ndayesa chithandizo chija kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mwana wako akadali wamng'ono ndipo thupi lifunika kupuma, amalangiza kudikira zaka 2 usanatengenso mimba ina. Koma ukaona kuti walephera, mkono ndi wako, uli ndi ufulu wochotsa nthawi iliyonse, munthu asakuuze kuti mpaka zaka zikwane. Pakiliniki pakasowa wodziwa kuchotsa pempha akutumize kwina, ngakhale ku chipatala chachikulu cha Chipata Central, osalola wina aliyense kukucheka kunyumba ndi lezala. Tsiku lochotsalo utuluke ndi njira ina m'manja, kaya lupu, nyeleti kapena mapilisi.

Abambo akunyumba uwatenge mupite limodzi akadzimvere okha kwa asista, ndipo kuyambira lero uzilemba m'kabuku masiku amene wadontha, ukakawaonetse kumeneko.