Zoti wamavoti ochepa n'kukhala pulezidenti ku America

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji ku America kuti munthu amene wapeza mavoti ochepa alumbiritsidwe kukhala pulezidenti, chonsecho dziko lomwelo limatumiza anthu ake kudzaonerera zisankho za kwathu. Mwafunsanso ngati eni dziko sakwiya nazo. Ena pamwambapa ayankha kale kuti kumeneko ndi kubera basi, kungoti ndi kubera kwa azungu. Ine ndikukana, si kubera ayi, chifukwa malamulo ake amadziwika mpikisano usanayambe ndipo onse opikisana amalowa akuwadziwa. Koma musandimve ngati ndikuti ndi chilungamo. Ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu, ndipo ndifotokoza monga ndimazionera kuno. Mupirire, nkhaniyi ndi yaitali.

Ife tikamachoka kumudzi timabwera ndi maganizo oti America ndi dziko limodzi ngati Malawi, lokhala ndi likulu limodzi lolamula zonse. Ukakhalako pang'ono m'pamene umaona kuti zigawo 50 zija, zimene kuno amati ma state, chilichonse ndi kaboma pakokha, ndi bwanamkubwa wake, nyumba ya malamulo yake, makhoti ake, misonkho yake. Kuchoka pakhomo panga kulowera kumpoto pagalimoto, mphindi zochepa chabe ndalowa m'chigawo cha Michigan. Kumeneko chamba chimagulitsidwa m'sitolo poyera, chifukwa anthu a ku Michigan anavotera zimenezo mu 2018. Kubwerera nacho ku Indiana, ndi mlandu. Michigan inathetsa chilango chonyonga opha anzawo kalekale, mu 1846, pomwe Indiana idakali nacho mpaka lero. Chitini cha zakumwa ukachibweza kusitolo ku Michigan amakupatsa masenti 10, kuno sakupatsa kanthu. Laisensi yoyendetsera galimoto ndi ya chigawo, chiphaso cha unamwino ndi cha chigawo. Ndiye zisankho nazonso ndi za chigawo. Kuno kulibe bungwe limodzi ngati MEC loyendetsa chisankho cha dziko lonse. Tsiku ndi limodzi, Lachiwiri lotsatira Lolemba loyamba la Novembala, koma zisankho zake ndi 51: zigawo 50 kuphatikizapo mzinda wa Washington DC.

Tsono masamu ake ali chonchi. Chigawo chilichonse chili ndi mavoti ake osankhira pulezidenti, molingana ndi aphungu amene chimatumiza ku Washington. Nyumba ya House of Representatives ili ndi aphungu 435, ogawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Nyumba ya Senate ili ndi 100, awiriawiri chigawo chilichonse, kaya chachikulu kaya chaching'ono. Onjezanipo 3 a Washington DC, zikwana 538. Gulu la anthu 538 limeneli ndiye Electoral College, ndipo wopeza 270 mwa iwo ndiye pulezidenti. Indiana ili ndi 11, Michigan 15, Pennsylvania 19, Texas 40, California 54. Pamene pali fupa la nkhani ndi apa: m'zigawo zonse kupatula Maine ndi Nebraska, amene wapambana m'chigawo amatenga mavoti onse a chigawocho, ngakhale atapambana ndi voti imodzi yokha. Mavoti a wolephera uja, kaya ndi mamiliyoni angati, amathera pomwepo, sawoloka malire kukawonjezera kwina.

Mu 2016 Hillary Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni dziko lonse, koma ambiri mwa mavoti owonjezerawo anaunjikana ku California, komwe anali atapambana kale. Trump anatenga Michigan ndi mavoti osakwana 11,000, n'kutenganso Wisconsin ndi Pennsylvania mwapang'onopang'ono chomwecho, basi mpando n'kukhala wake. Mu 2000 Al Gore anaposa George W. Bush ndi mavoti oposa 500,000, koma nkhani yonse inakathera ku Florida, komwe Bush anatsogola ndi mavoti 537 okha khothi lalikulu la Supreme litaimitsa kuwerenganso. Zoterezi zachitika kasanu m'mbiri yawo: 1824, 1876, 1888, 2000 ndi 2016. Mu 2024 sizinachitike, Trump anapambana ponse pawiri, 312 kwa 226 ya Kamala Harris, ndiponso mavoti a anthu.

Anzanga a kuno amene amaikira kumbuyo dongosololi amakonda kuyerekezera ndi masewero a baseball. Mu 1960, pa mpikisano womaliza wa World Series, timu ya New York Yankees inagoletsa 55 m'masewero onse asanu ndi awiri, ya Pittsburgh Pirates 27 yokha, koma chikho chinapita ku Pittsburgh chifukwa inapambana masewero anayi, Yankees atatu. Amati chowerengedwa ndi masewero, osati zigoli, ndipo matimu onse ankadziwa zimenezo. N'zoona. Koma ine ndimawayankha kuti chigoli si munthu. Voti ndi mayi amene wachoka kuntchito ya usiku n'kukaima pamzere kunja kukuzizira, ndipo kumuuza kuti yake ija inali yongowonjezera, yosafunika, mtima wanga suvomera.

Nanga anazipangiranji chonchi? Malamulo aakulu a dzikoli analembedwa ku Philadelphia mu 1787, ndipo olembawo anali nthumwi za zigawo zosakhulupirirana. Zigawo zing'onozing'ono zinkaopa kumezedwa ndi zikuluzikulu. Ena ankakayika ngati mlimi wa kutali, nthawi yoyenda pa hatchi, angadziwe bwino anthu opikisana. Izi amaphunzitsa ana kusukulu. Chimene ambiri sakonda kutchula ndi ukapolo. Zigawo za kummwera zinali ndi akapolo ochuluka amene sankavota, choncho chisankho chikanakhala cha voti ya munthu aliyense, kumpoto kukanapambana nthawi zonse. James Madison, mwini akapolo wa ku Virginia, ananena vuto limenelo poyera pamsonkhanowo. Anagwirizana kuti powerenga anthu pofuna kugawa aphungu, akapolo asanu aziwerengedwa ngati anthu atatu. Ndiye taganizani, munthu wogulidwa ngati mbuzi, wopanda mawu, koma mutu wake ukuwonjezera mphamvu za amene akumukwapula. Mwa apulezidenti asanu oyambirira, anayi anachokera ku Virginia ndipo onse anayi anali ndi akapolo: Washington, Jefferson, Madison ndi Monroe.

Ukapolo utatha mu 1865 nkhanza sizinathe. Anthu akuda anayamba kuwerengedwa athunthu pogawa aphungu, koma zigawo za kummwera zinapeza njira zowatsekera kuvota, monga msonkho wolipira usanavote ndi mayeso a kuwerenga amene wolembetsa ankakhozetsa amene wamufuna. Virginia yemweyo ndi kumene John Chilembwe anakaphunzira, ku Lynchburg, atapita mu 1897 n'kubwerera kwathu mu 1900, nthawi imene zitseko zimenezi zinkatsekedwa chimodzichimodzi. Kamuzu naye, pomwe ankamaliza zaudokotala kusukulu ya Meharry mumzinda wa Nashville mu 1937, ankakhala m'dziko la tsankho lomwelo. Zinatengera anthu kumenyedwa ndi apolisi pamlatho wa Edmund Pettus ku Selma, Alabama, pa 7 Malichi 1965, John Lewis, mmodzi wa atsogoleri omenyera ufulu wa anthu akuda, kuswedwa mutu, kuti lamulo loteteza ufulu wovota la Voting Rights Act lituluke chaka chomwecho. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo pali agogo ena akuda amene anabadwira kummwera n'kusamukira kuno ali achinyamata. Nyengo ya chisankho ikafika, iwo ndi amene amayamba kufunsa za pepala lovotera lobwera pa positi. Manja amanjenjemera, maso saonanso bwino, koma amafuna kudzaza okha kabowo kalikonse, pang'onopang'ono, cholembera atachigwira ndi zala zonse. Sindinawamvepo akunena kuti voti ilibe ntchito.

Komabe kuipa kwa dongosololi ndimakuonera pantchito pomwepo. Ena mwa anzanga amagona ku Niles, mbali ya Michigan, ena kuno ku Indiana, koma tonse timalowa shifiti imodzi. Chaka cha chisankho, wa ku Michigan foni yake sipuma, mauthenga a zipani usana ndi usiku, bokosi la makalata lodzaza mapepala a kampeni, anyamata ogogoda pakhomo Loweruka kufunsa ngati walembetsa. Wa ku Indiana, zii. Palibe amene amamufuna, chifukwa aliyense akudziwa kuti Indiana ipita ku chipani cha Republican. Kuyambira 1968, wa chipani cha Democratic amene anapambanapo kuno ndi Barack Obama yekha, mu 2008, ndipo mwapang'ono kwambiri. Mu 2024 opikisana onse awiri ankangozungulira zigawo zisanu ndi ziwiri: Pennsylvania, Michigan, Wisconsin, Georgia, North Carolina, Arizona ndi Nevada. Zina zonse 43 zinali zongoonerera. Musaganize kuti olira ndi a chipani chimodzi. Mu 2020 anthu oposa 6 miliyoni anavotera Trump ku California, kuposa chigawo china chilichonse, koma mavotiwo sanamupatse ngakhale imodzi mwa 538 zija. Palinso kusiyana kwa kulemera kwa voti: Wyoming, ya anthu osakwana 600,000, ili ndi mavoti 3, pomwe California, ya anthu pafupifupi 39 miliyoni, ili ndi 54. Mukagawa muona kuti munthu wa ku Wyoming amalemera kuposa katatu mnzake wa ku California.

Ndiye anthu sakwiya? Amakwiya. Kafukufuku wa bungwe la Pew wakhala akuonetsa kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse angakonde kuti wopeza mavoti ambiri dziko lonse ndiye azipambana. Ndipo amene anayesetsa kwambiri kusintha zinthu anali wa kuno ku Indiana, senator Birch Bayh. Mu 1969 nyumba ya House inavomereza kuthetsa Electoral College ndi mavoti 338 kwa 70, zipani zonse ziwiri pamodzi. Chaka chotsatira nkhaniyo inafera ku Senate, atayitsekereza ma senator a kummwera ndi a zigawo zing'onozing'ono. Kusintha malamulo aakulu kuno kumafuna magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri, kenako zigawo 38 mwa 50 zivomereze. Zigawo 13 zokha zikakana, zathera pomwepo. Ndipo chipani chimene chikuona kuti dongosololi likuchikomera panthawiyo sichingalole.

Pali china chimene ndinachimvetsa mochedwa, ndipo ndinachimvetsera ku mpira wa chi America (American football) osati ku ndale. South Bend ndi mzinda wa anthu pafupifupi 100,000, koma Loweruka limene timu ya yunivesite ya Notre Dame ikusewera pakhomo, bwalo lake limadzaza anthu oposa 77,000. Kuyambira m'mamawa galimoto zimakhala zitandanda, zitseko za kumbuyo zotsegula, nyama ikuotchedwa pamakala, agogo ndi zidzukulu atavala malaya a mtundu umodzi, oyandikana ndi bwalo akubwereketsa kapinga wa pakhomo pawo kuti anthu aimikepo galimoto. Osewerawo ndi ana asukulu, si timu ya dziko. Ku Ann Arbor, bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 107,000, ndipo chidani chawo ndi yunivesite ya Ohio State ndi cha makolo. Munthu wa kuno mtima wake uli kwawo kwenikweni, m'chigawo chake, m'tauni yake, ndipo Washington amaiona ngati malo akutali a anthu osamudziwa. Mlimi wa chimanga wa ku Indiana ukamuuza kuti tiyeni tingowerenga mavoti onse pamodzi, chimene amamva ndi chakuti Los Angeles ndi New York zizimusankhira mtsogoleri mpaka kalekale. Mantha amenewo ndimawamvetsa, ife a kwathu nkhani ya zigawo timaidziwa bwino. Koma sindigwirizana nawo, chifukwa dongosolo lilipoli silikumuteteza mlimiyo. Palibe wopikisana amene amabwera kudzamupempha voti, onse ali ku Pennsylvania.

Mwatchula za kwathu, ndiye ndinenepo pang'ono. Mu Meyi 2019 Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi mavoti osakwana 39 pa 100 alionse. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankhocho n'kunena kuti wopambana azipeza oposa theka, ndipo pa 23 Juni tinavotanso. Pa mfundo imodzi iyi yokha, yoti voti ya ku Chitipa ilemere chimodzimodzi ndi ya ku Nsanje ndipo pulezidenti akhale wofunidwa ndi ambiri, lamulo lathu ndi labwino kuposa lawo, ndipo ndimawauza anzanga a kuno mosachita manyazi. Chimene iwo amatiposa nacho chili m'munsi mwa pepala lovotera. Pepala lawo ndi lalitali: mkulu wa apolisi a m'boma lanu, woimira boma pamilandu, komiti yoyendetsa sukulu, ngakhale wofufuza imfa zokayikitsa, onsewa amasankhidwa ndi anthu, voti imodzi munthu mmodzi. Woyendetsa sukulu ya mwana wako ukhoza kumuchotsa iwe mwini, ndipo anthu amawachotsadi.

Zigawo zina zinapangana kuti zidzapereke mavoti awo onse kwa amene wapambana dziko lonse, koma panganolo lidzayamba kugwira ntchito pokhapokha zigawo zolowamo zitakwanitsa 270, ndipo Indiana sinalowemo. Choncho pa 7 Novembala 2028 masamu akhoza kukhala omwewa. Mukadzafuna kutsatira muli kumudziko, malo ovotera a kuno ku South Bend amatseka 6 koloko madzulo, kwanuko ili 1 koloko usiku, ndipo Indiana imakhala m'gulu loyamba kulengezedwa. Musadzataye nayo tulo imeneyo. Dzukani m'bandakucha, muone Pennsylvania, Michigan, Wisconsin ndi Georgia, cholembera chili m'manja, muziwonkhetsa nokha mpaka wina afike pa 270.