Za kuloweza mankhwala, mvereni ine amene ndinapsa nazo

Achemwali, timawu tofupikitsa tolowezera mankhwala timene mukufunsati ndi timene tinandigwetsa ine chaka chachiwiri ku sukulu ya unamwino, mpaka pano ndikakumbuka mtima umandiwawa. Aphunzitsi athu a pharmacology, phunziro la za mankhwala, ankangobwera ndi kapepala kodzaza zilembo, kutigulitsa, kenako n'kumati lowezani, mayeso atuluka mmenemo. RIPE, zilembo zoyamba za mankhwala anayi a TB, ndinkaitchula ngakhale kutulo: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide, ethambutol. Mayeso ndinakhoza bwinobwino.

Ndiye andiika usiku ku wodi ya amayi. Cha m'ma 2 koloko mayi wodikirira wodwala wa TB akubwera chothamanga ndi kachigubu ka mkodzo, manja akunjenjemera, akuti anamwino mwana wanga akukodza magazi. Ndinaunika ndi tochi ya foni chifukwa magetsi anali atazima, mkodzo uli psuu ngati Fanta. Mtsikanayo, wowonda, ali tsonga pabedi akundiyang'ana m'maso kuti ndimuuze ngati akufa. Ine mutu unaima. Mayina anayi aja ndinali nawo, koma zoti rifampicin amasintha mkodzo, thukuta ndi misozi kukhala zofiirira, palibe anandiuzapo. Ndinathamanga kukagogoda kwa dokotala amene anali pa ntchito usiku umenewo. Anafika, anangoyang'ana kachigubuko kamodzi, n'kundifunsa mokweza pamaso pa odwala onse kuti kodi kusukuluko mumakadya nsima yokha? Ena anaseka. Mayi uja anandiyang'ana ngati ndamunamiza. Ndinakalirira m'chipinda chosungira mankhwala mpaka kunja kunacha.

Dokotala uja sindimukhululukira, akanatha kundikokera pambali. Koma amene amandipsetsa mtima kwambiri ndi mphunzitsi uja. Chaka chonse kudya ndalama zathu za timapepala, osatipititsa ngakhale tsiku limodzi pabedi la wodwala kuti tione mankhwala akugwira ntchito m'thupi la munthu! Bwanji ndikanauza mtsikana uja kuti asiye kumwa?

Kuchokera tsiku limenelo mankhwala aliwonse ndimawamangirira pa nkhope ya munthu. Isoniazid ndi agogo amene ankadandaula dzanzi kumapazi, tinkawapatsa pyridoxine (vitamini B6). Ethambutol ndi maso, ndimafunsa wodwala ngati akuonabe bwino mitundu. Pyrazinamide ndi bambo amene mfundo zinkamuphwanya. Gentamicin ndi makutu ndi impso, amatha kuziwononga. Flagyl ndi mnyamata amene anakamwa kachasu n'kusanza usiku wonse.

Komabe musataye kuloweza ayi, mayeso simungadutse popanda iko. Yambani ndi michira ya mayina, imathandiza zedi. Othera ndi olol monga propranolol ndi atenolol amachepetsa kugunda kwa mtima, ndipo propranolol musamupatse wa asima. Othera ndi pril monga enalapril ndi captopril ndi a BP, amabweretsa chifuwa chouma chosatha, komanso mayi woyembekezera sapatsidwa. SLUDGE, ya zizindikiro za poizoni wa mankhwala ophera tizilombo (dovu, misozi, kukodza, kutsegula m'mimba, kupweteka m'mimba ndi kusanza), muisunge ndithu, tsiku lina adzakubweretserani munthu womwa Temik, dovu lili chuchuchu, ndipo mudzafuna atropine, mankhwala olimbana ndi poizoniyo, msangamsanga. Pangani timawu tanu m'Chichewa, topusa kwambiri ndi timene timakhala m'mutu, lembani pa timakadi muziwerenga mu minibasi. Ndipo buku la Malawi Standard Treatment Guidelines likhale mu foni yanu usiku uliwonse umene muli pa wodi.