Shifiti ya maola 12: ndisiye ntchito kapena ndipirire?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ana awiri yemwe amayendetsa makina pa fakitale ina ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Amalowa 6 koloko m'mawa n'kuweruka 6 koloko madzulo, masiku 6 pa sabata, ndipo sabata yotsatira amakhala pa naiti. "Mwana wanga wamng'ono amandithawa ngati mlendo," akutero, "ndipo mayi akunyumba akuti pakhomo ndimangobwera kudzagona. Ndisiye ntchito kapena ndipirire?"

Achimwene, musasiye kaye. Ntchito yolipira mwezi ndi mwezi ndi yosowa, ndipo lendi siyembekezera munthu. Komanso sindikukuuzani kuti muzingopirira chamumtima. Yambani mwawerenga maola anu.

Maola 12 kwa masiku 6 ndi maola 72. Lamulo lathu la zantchito la m'chaka cha 2000, Employment Act, limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu, ndipo kwa munthu wa shifiti malire ndi maola 8 patsiku. Ndiye kuti sabata iliyonse mumapereka maola 24 apamwamba. Maola amenewo malipiro ake ndi ola limodzi ndi theka: ngati ola lanu ndi K1,000, la ovataimu ndi K1,500. Akakuitanani pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide, ndi kuwirikiza kawiri. Lamulo lomwelo likuti musagwire masiku oposa 6 otsatizana osapuma maola 24 athunthu.

Gulani kakope kotchipa pa golosale. Tsiku lililonse lembani deti, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi dzina la kapitawo amene anali pa shifiti. Pakutha pa mwezi yerekezani ndi pepala lanu la malipiro. Munthu wongodandaula kuti "tikutopa" amayankhidwa kuti kunja kuli ambiri ofuna ntchito, koma wobwera ndi kope, ku ofesi ya Leba amamumvera, ngakhale ku khoti loweruza milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, nkhani ikafika kumeneko. Ndipo musaope kuti mukupempha zachilendo. Holide ya pa 1 May imene timapuma ija inachokera kwa antchito a ku Chicago omwe ananyanyala ntchito mu 1886 pofuna maola 8 omwewa.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si ndalama, ndi tulo. Amalume anga anagwira naiti zaka zambiri pa fakitale ina ku Makata, ku Blantyre. Ndimakumbukira akufika m'mawa maso ali psuu, n'kugona m'nyumba ya malata mwezi wa October, kunja ana akusewera fulaye, oyandikana nawo atatsegula wailesi. Pofika 11 koloko anali atadzuka kale, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kukalipira aliyense. Ife ana tinkawaona ngati munthu wankhanza. Ndakula ndi pamene ndazindikira kuti anali munthu wosagona basi. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa, ndipo cha m'ma 3 mpaka 5 koloko m'bandakucha ndi pamene thupi limafooka kwambiri. Imeneyo ndi nthawi yomwe dzanja limapita pafupi ndi lamba wa makina mwini wake osadziwa.

Choncho tulo ta masana mutitenge ngati ntchito. Tsekani zenera ndi bulangete lakuda, foni muzimitse, ndipo apabanja adziwe kuti nthawi imeneyi bambo sadzutsidwa chifukwa cha mlendo kapena mayunitsi a magetsi. Tiyi wamphamvu ndi khofi muzimwa kumayambiriro kwa shifiti, osati kukatsala pang'ono kucha.

Za mwanayo, musadikire tsiku lalikulu lopita naye kokayenda. Sankhani kanthu kamodzi kokhazikika. Mukachokera ku naiti, mumwetseni phala ndinu, kapena mumuperekeze wamkuluyo mpaka pageti ya sukulu musanakagone. Mayi akunyumba muwaonetse ndandanda ya mashifiti mwezi usanayambe, ndipo Lamulungu lanu lopuma musamaligulitse chifukwa cha ovataimu nthawi zonse.

Chothetsa vutoli kwenikweni ndi mashifiti atatu a maola 8, ndipo zimenezo munthu mmodzi sangazipemphe yekha. Zimadzera ku yuniyoni kapena komiti ya antchito. Konzekani kuti anzanu ena akana, chifukwa ovataimuyo ndi imene ikulipira fizi ya ana awo, ndipo nawo ali ndi mfundo. Muyambe ndi awiri kapena atatu amene mumadya nawo nsima pa nkhomaliro, aliyense akhale ndi kope lake. Pakatha miyezi iwiri mundilemberenso, mundiuze maola amene mwapeza ndi zomwe zili pa pepala la malipiro, tidzaone limodzi ngati nthawi yofunafuna kwina yakwana.