Nambala yake ndi 720,720

Mayi a ku Lizulu, mwati mwana wanu wapatsidwa funso kusukulu loti apeze nambala yochepetsetsa imene ingagawike ndi 1, 2, 3 mpaka 16 popanda chotsala, ndipo atachulukitsa manambala onsewo kalikuleta ya mu golosale yanu yangolemba E. Siinawonongeke ayi. Zimene amafuna kutulutsazo ndi 20,922,789,888,000, manambala 14, pomwe makalikuleta ambiri a m'mashopu amathera pa 12. Nambala imeneyo imagawikadi ndi onsewo, koma yakula mopyola muyeso.

Yofunikayo ndi 720,720.

Kuchulukitsa zonse kumabwereza zimene muli nazo kale. Mukatenga 16, ndiye kuti 2, 4 ndi 8 ali momwemo. Mukatenganso 9, mwapeza 3, ndipo 6 ndi 12 abwera okha chifukwa zowapangira zilipo. 5 abweretsa 10 ndi 15, 7 abweretsa 14. Otsala ndi 11 ndi 13, amene palibe angawalowe m'malo. Tsono achulukitse 16, 9, 5, 7, 11 ndi 13 basi. Atatu oyambawo apereka 720, atatu otsirizawo apereka 1,001.

Apa ndi pamene ine pamandisangalatsa. Kuchulukitsa 720 ndi 1,001 n'chimodzimodzi kutenga 720,000 n'kuwonjezapo 720, n'chifukwa chake yankho likuoneka ngati munthu walemba 720 kawiri. Zimenezi zimatheka ndi nambala iliyonse ya manambala atatu. Muuzeni alembe 246 kawiri, ikhale 246,246. Agawe ndi 7, apeza 35,178. Agawenso ndi 11, apeza 3,198. Akagawa ndi 13, 246 uja wabwerera. Anzake m'kalasi adzayesa matsenga, pomwe wangochotsamo 1,001 pang'onopang'ono.

Inu a banki mkhonde muimva msanga. Mutakhala ndi K720,720 pa tsiku logawana, mukakhala 13 aliyense atenga K55,440, mukakhala 16 aliyense K45,045, osatsala ngakhale tambala. Manambala amene amaigawa bwinobwino alipo 240, ndipo palibe nambala yocheperapo imene ili ndi oigawa ochuluka chonchi. Katswiri wa masamu wa ku India, Srinivasa Ramanujan, analemba za manambala a mtundu umenewu mu 1915.

Wina poyankha funso lomweli walemba 360,360. Wayandikira, koma imeneyo imathera pa 15. Mukaigawa ndi 16 patsala 8.

Pa pepala asangolemba yankho lokha, aonetse chifukwa chimene wasiyira 2, 4, 6 ndi enawo, poti aphunzitsi a masamu amaperekanso malikisi pa njira. Ndipo akadzati mpaka 17, asadzayambirenso pachiyambi. 720,720 ikagawidwa ndi 17 patsala 5, ndipo 17 sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iye mwini, choncho angochulukitsa 720,720 ndi 17 n'kupeza 12,252,240.